Mfuti Yochedwa ya Ba Rahhal

Kuno ku Dukala konse, kuyambira kunyanja mpaka kumene minda ya tirigu imathera, palibe wokwera hatchi amene anatchuka kuposa ine. Ndikaimirira pachishalo, mfuti m'mwamba, akazi ankakomoka m'mahema, ndipo hatchi za anzanga zinkandiyang'ana mopempha kuti ndizikwereko ngakhale kamodzi. Chabwino, ndanama. Ndakalambira mumzere popanda wondiloza chala, ndipo hatchi yanga yomwe ikandiona imayang'ana kumbali. Wotchuka anali alamu anga, malemu Ba Rahhal, amuna awo a achemwali anga a Zhor, ndipo anatchuka ndi chinthu chimodzi: mfuti yawo inkalira anzawo onse atamaliza.

Ana inu mumaonera tiburida pafoni, ndiye ndikukumbutseni. Timandanda mzere umodzi, hatchi phewa ndi phewa, titavala majelaba, mikanjo yathu yoyera ya chipewa kumsana, mfuti zothira onga wokhawokha wopanda chipolopolo. Mkadamu, mtsogoleri wa mzere, akafuula, tonse liwiro. Akafuulanso kumapeto kwa bwalo, tonse tikhethemula, ndipo mfuti zonsezo zimveke ngati imodzi. Wolakwitsa, kaya wafulumira kaya wachedwa, sabwerera ali pahatchi. Amatsika n'kuyenda wapansi bwalo lonse, akukoka chiweto chake, khamu likumuonerera.

Mzere wathu unkamveka chonchi: phuu. Kenako zii. Utsi uyambe kubalalika, amayi atsegule pakamwa kuti alulute, ndiye uko kumapeto kwa mzere: pho. Ba Rahhal anayenda bwalo limenelo mpaka anapondapo kanjira kawokawo.

Mfutiyo inali gogodera ya agogo a agogo awo, yaitali kuposa mwini wake, yomangidwa malamba a siliva, kuthako kwake kuli mnyanga wachikasu ngati mano a wosuta. Tonsefe tinali titasamukira ku mfuti za masiku ano, koma iyo inkayatsabe ndi mwala: kamwala kamenye chitsulo, mbaliwali zigwere pa onga. Ba Rahhal ankaitcha Haja, ngati mayi wachikulire amene anapitako ku Maka, ndipo panalibe wina wololedwa kuigwira, ngakhale achemwali anga, amene ankaitchula kuti mkazi mnzawo. Ukawaseka pochokera kubwalo, ankasisita mnyanga uja n'kukuuza modekha kuti chala chawo chinakoka pamodzi ndi anzawo, koma Haja ndi munthu wamkulu, sathamangitsidwa ngati mwana wotumidwa kusitolo. Amayamba waganiza kaye.

Ndipo tinkakhulupirira. Tikanakana bwanji? Munthuyo sankachedwa pa china chilichonse. Kumzikiti ankafika woitanira swala asanatsokomole n'komwe. Kumsika wa Lachiwiri ku Sidi Bennour ankapeza ogulitsa ng'ombe akukhoma kumene zikhomo. Pa ukwati wawo anafika mkwatibwi asanapakidwe hina m'manja, n'kukhala panja padzuwa ngati wodzafunsa ganyu. Munthu wotere akati vuto ndi mfuti, ndiye kuti vuto ndi mfuti.

Za kuganiza kwa Haja ndingakusimbireni mpaka tiyi atazizira. Chaka china, pa chikondwerero cha pambuyo pa zokolola, mkulu wina wa boma anayesa kuti kuwomba kwatha. Anaimirira, anakonza taye, anayamba kulonjeza msewu wa tala wofika pakhomo pathu, ndipo atangoti chaka chino, Haja anayankha: pho. Anthu anati mwa olankhula onse tsiku limenelo, wanena zoona ndi yekhayo. Wogulitsa nkhono zowiritsa ankalumbira kuti ankagulitsa mbale, kulandira ndalama, kubweza chenji, zonse pakati pa phuu ndi pho. Mudzamvanso kuti mwana wina anabadwa pa phuu n'kumera mano pa pho, koma imeneyo ndinayambitsa ndine, musaitenge.

Nanga kayendedwe ka alamu anga pabwalo paja. Ena akatsika amayenda mutu pansi, nduwira itakokedwera kumaso. Ba Rahhal ankayenda ngati mkwati, moni uku, moni uko, kufunsa za odwala, mfuti paphewa, akuinong'oneza ngati akuidzudzula mwaulemu. Anthu ankawakonda nazo zimenezo. Manyazi onse ankasenza ndi Haja, ndipo chitsulo sichichita manyazi.

Zinthu zinatembenuka pamene mzere wathu unaitanidwa ku mpikisano wa chigawo chonse, kumene kumakhala oweruza a makutu akuthwa, amene pho mmodzi amalangira gulu lonse. Mkadamu wathu, Si Lhachmi, munthu wa ndevu zopesa ndi mtima wolota chikho, anapita kwa Ba Rahhal atanyamula mtanda wa shuga, monga timachitira tikamakapempha chinthu chovuta. Anamwa tiyi, anakamba za mvula, za mtengo wa balere, kenako anaika kapu pansi.

"Ba Rahhal, inu ndi bambo athu, malo anu mumzere palibe angawakhudze. Koma Haja atsale kunyumba. Mukakana, mutsala nonse awiri."

Alamu anga anataya chilakolako cha chakudya. Malo aja, kumapeto kwa mzere pambali panga, anali a bambo awo, ndipo munthu wochotsedwa mumzere kwathu kuno amakhala ngati maliro oyenda okha: amapatsidwa moni, koma saitanidwa kuhema. Komanso kupachika Haja pakhoma, aziwaona akutuluka ndi mfuti ina paphewa? Anati nkhanza yotere sangaichite m'nyumba imodzi. Ngati kuli kusiyana, Haja akwatiwe kutali, kubanja laulemu, kumene sadzamva fungo la onga wathu.

Mkamwini wa Si Lhachmi amagwira ntchito mumzinda waukulu wa Kaza, ndipo ankadziwa nyumba ina yogulitsa zinthu zakale pa okushoni, kumene anthu olemera amalimbirana mbale zosweka ndi malupanga obuntha. Kumeneko kunachokera mayi wina woonda, Madamu Bennis, kudzaona mfutiyo. Ba Rahhal anakana kuti aigwire, mpaka mayiyo anatulutsa magolovesi oyera m'chikwama. Apo anavomera, nati magolovesi si manja.

Madamu anaitembenuza, anaisuzumira ndi kagalasi, n'kuinunkhiza. Anafotokoza kuti okonda kusunga mfuti zakale amalipira zinthu zitatu: chidindo cha mmisiri amene anaisula, kuti pasakhale chosinthidwa ngakhale kamsomali, ndiponso kuti choyatsira chake chikhale chamoyo. Chidindo anachipeza pafupi ndi lamba woyamba, cha mmisiri wa ku Tetouan wa nthawi ya makolo. Chosinthidwa panalibe. Anachenjezanso kuti asayerekeze kuikwecha, chifukwa kuda kwa silivayo n'kumene anthu amagula. Apa Ba Rahhal anayang'ana akazi awo, amene kwa zaka zambiri ankazembera malamba aja ndi ndimu ndi phulusa, ndipo kuyang'ana kumeneko kunawakwanira mwezi wathunthu.

Mbiri itamveka, mudzi wonse unafukula zitsulo. Pakhomo pa Ba Rahhal panali mzere ngati pachipatala. Wina anauzidwa kuti cholowa cha makolo ake ndi paipi ya madzi yowotcherera kusitolo ya njinga. Wina, kuti mnyanga wake ndi chogwirira cha ambulera. Yanga Madamu anaiyang'ana kwa kanthawi n'kundifunsa ngati ndimatchingira chitseko.

Za chachitatu chija, choyatsira, Ba Rahhal anangoseka. Anamuuza mayiyo kuti asavutike, Haja ndi waulesi, mudzi wonse ndi mboni. Madamu anati amisiri awo akaona okha. Alamu anga sanazilabadire. Iwo mtima unali pa wogulayo: ngati ndi munthu wopemphera, ngati nyumba yake siyachinyezi, ngati alibe ana osamva.

Tsiku la okushoni tinadzaza minibasi, mzere wonse, majelaba ochapa, kukaperekeza mkwatibwi. Tinkayembekeza zonga za kumsika kwathu, kumene wofuulira malonda amazungulira ndi katundu m'manja, mwini wake akumutsatira kumbuyo n'kumatama chinthu chake mpaka thovu kukamwa. Tinapeza chipinda chozizira ngati furiji, anthu akunong'onezana ngati pali wodwala, aliyense ndi kathabwa m'manja, kokweza akafuna kuwonjezera mtengo. Tiyi kunalibe. Kutsogolo kunali mnyamata wa suti ndi kanyundo, pambali pake atsikana okhala pamafoni.

Haja anatulutsidwa atagonekedwa pa nsalu yofiira, nyali ikumuwalira. Wa kanyundo anayamba kumutamanda m'Chifalansa ndi m'Chiarabu: chidindo cha ku Tetouan, siliva wosakwechedwa, banja limodzi kuyambira tsiku limene anasulidwa. Ba Rahhal ankakula pampando. Nduwira yawo inkakwera yokha. Ankagwedeza mutu kwa anthu osawadziwa ngati bambo wa mwana amene wakhoza mayeso.

Kenako wa kanyundo anati chachikulu chatsala, tonse tiyang'ane kukhoma. Pakhomapo panayaka kanema. Tinaona manja a mmisiri akuthira kaonga pang'ono pachoyatsira cha Haja, chala chikukoka, ndipo nthawi yomweyo moto lawi. Anabwereza mwapang'onopang'ono, kuti ngakhale wa maso ofooka aone: chala, mwala, moto, popanda mpata wolowetsa ngakhale tsitsi. Mnyamatayo ananena monyadira kuti mfuti zambiri za msinkhu uwu zinafa kale m'kati, koma iyi imayaka munthu asanaphethire, ndipo amisiri awo anaiyesa mobwerezabwereza osachedwa ngakhale kamodzi.

Pa mpando wathu wautali panagwa chisanu. Palibe anafuna kutembenuka, koma makosi anatembenuka okha. Si Lhachmi anayamba kuphunzira nsapato zake. Ba Rahhal anaonerera kanema uja mpaka kumapeto. Kenako anaimirira, pang'onopang'ono, atagwira mpando wakutsogolo.

"Mwana wanga, pepa, usanamize anthu. Mfuti imeneyo ndi yaulesi."

Wa kanyundo anafunsa kuti bamboyu ndi ndani. Atauzidwa kuti ndi mwini katundu, kanyundo kanatsala m'malere. Madamu Bennis anathamangira kudzawakhazika pansi, koma alamu anga anali atayamba. Munthu amene anakhalapo chaka osalankhula ndi msuweni wake chifukwa chotcha Haja kuti ndodo, lero anaima pakati pa alendo n'kumuvula. Anati m'kati mwake ndi dzimbiri lokhalokha. Anati siliva uja ndi chitini cha nsomba. Anati mnyanga uja ndi fupa la bulu, ndipo buluyo ankamudziwa. Anati za agogo a agogo zinali nkhani chabe, mfutiyo anaitola pa msika wa zitsulo zakutha. Thukuta linkatsika m'ndevu.

"Si Lhachmi, auzeni anthuwa. Miloud, mlamu wanga, sunkaimva iwe ikuchedwa?"

Miloud ndine. Ndinayang'ana nsapato za Si Lhachmi, popeza zanga ndinali nditaziloweza kale.

Tsono anthu a mumzinda ali ndi nzeru zawozawo. Sanaonepo wogulitsa akunyoza katundu wake, ndiye anaganiza kuti mkuluyu wazindikira mochedwa kuti akutaya chuma ndipo akufuna kuthawitsa ogula kuti abwerere nacho kwawo. Bambo wina wadazi kutsogolo anamwetulira n'kukweza kathabwa. Mayi wa magalasi akuda anakweza kake. Ba Rahhal akati dzimbiri, mtengo ukwere ndi ng'ombe. Akati fupa la bulu, ukwere ndi ng'ombe ndi mwana wake. Wina wa pafoni, kaya anali kudziko liti, anapempha kuti kanema uja amuonetsenso, ndipo anamuonetsanso, chala, mwala, moto, pamaso pathu tonse. Pamene kanyundo kanagunda, Haja anali atagulidwa pa mtengo wa hatchi zinayi ndi zishalo zake zopeta. Chipinda chonse chinatembenukira kwa Ba Rahhal n'kuwaombera m'manja.

Anakhala pansi ngati thumba lotsitsidwa pangolo.

Tisananyamuke anapempha kuti akatsanzike. Haja anali pa tebulo kuchipinda cha kumbuyo, atamangidwa kale kapepala ka mwini watsopano. Mlonda anawapatsa magolovesi, poti katunduyo sanalinso wawo. Anawakana. Anaima manja kumbuyo, anawerama, ndipo ife amene tinali pakhomo tinamva.

"Ndakunamizira kumudzi zaka zonsezi, ndakunamiziranso lero pamaso pa alendo. Undikhululukire, Haja."

Pobwerera, minibasi ija inali ngati yonyamula maliro. Tinaima panjira pa owotcha nyama, nyama inabwera, inazizira. Tinali titavula nkhalamba pagulu chifukwa cha chikho, ndipo aliyense ankadziwa, ngakhale panalibe amene anafuna kuti zithe chonchi. Si Lhachmi anayesa kukonza. Anati makanema a masiku ano amanama, anati onga wa mumzinda ndi wina, wouma kwambiri, anati mwina Haja amadana ndi fumbi la kwathu.

"Usandifunditse, Lhachmi," anatero Ba Rahhal, maso ali pawindo. "Ndaona ndekha."

Mudzi unamva zonse minibasi isanazime. Ndiye funso linali pakamwa pa aliyense, kuchitsime, kumzikiti, kwa ometa: nanga tsopano? Lonjezo la Si Lhachmi linali poyera, Haja wachoka, malo ndi awo. Koma akachedwanso ndi mfuti yatsopano, oweruza akumvetsera, adzanong'oneza ndani poyenda bwalo lija? Ena anawalangiza mwaulemu kuti anene kuti msana wavuta, apume ndi ulemu wawo. Ba Rahhal anayankha kuti bambo awo sanachoke mumzere ndi bodza la msana. Anagula mfuti yatsopano yonyezimira, yopanda dzina, ndipo sankaiyang'ana kumaso.

Tsiku la mpikisano aliyense analandira onga wake m'timapepala tokulunga. Alamu anga anapita kuseri kwa hema kukathira okha, monga ankachitira kale. Tinandanda. Tinakweza mfuti m'mwamba. Si Lhachmi anafuula, tinathamanga, fumbi kobo, anafuulanso.

Phuu.

Tinadikira. Khamu linadikira. Wogulitsa nkhono anaima ndi chipande m'manja. Kunalibe pho. Nthungululu zinachita kuchedwa kuyamba, koma zitayamba zinang'amba mahema. Chikho sitinatenge, tinakhala achiwiri, koma Si Lhachmi analira misozi n'kupsompsona Ba Rahhal pamutu. Kwa nthawi yoyamba chiyambire ndevu zawo zisanachite imvi, alamu anga anabwerera ali pahatchi. Anthu ankafuula dzina lawo mbali zonse. Iwo sanapereke moni kwa aliyense. Ankangoyang'ana pakati pa makutu a hatchi, ngati munthu amene wavala nsapato za mwini ndipo akuopa kukumana naye.

Zinapitirira choncho zikondwerero zonse zotsatira: phuu mmodzi woyera, Ba Rahhal pahatchi, chete. Ndalama za Haja sanafune kuziona. Anakumbitsa chitsime pamzikiti, achemwali anga anapeza furiji, zotsala anagawira ana. Munthu akatchula za ku Kaza, ankakumbukira mwadzidzidzi kuti ng'ombe sizinamwe.

Anamwalira nyengo yofesa, atangochoka ku swala ya m'mawa, atakhala pakhonde ndi kapu ya tiyi. Dokotala anali atawauza kuti mtima wawo uli ndi zaka zambiri kutsogolo, koma iwo, mwa chizolowezi, anafika msanga.

Mzere wathu lero ndi wolemekezeka. Timaitanidwa kutali. Kumapeto kuja, pambali panga, kuli mnyamata wa chala chakuthwa amene sanalakwitsepo, ndipo anthu sadziwa dzina lake. Wachinyamata wina akaphonya n'kutsika, amayenda ngati akuthawa agalu, misozi m'maso, ndipo kuseka kwa khamu kumaluma, chifukwa palibenso womuonetsa kuti bwalo lija munthu angathe kuliyenda akupereka moni. Kale tinkabwerera kuhema tikugwira nthiti. Masiku ano timabwerera, timayamikirana, timadya kusikusi, n'kumwazikana.

Mwezi wathawu ndinapita kukaona achemwali anga. Ndinawapeza pabwalo akupeta tirigu, maso ofiira, ndipo ndinati ndiwasangalatse. Ndinawasimbira za tsiku la mpikisano lija, poti iwo sanapiteko. Ndinati mfuti ya alamu inalira kuposa zathu zonse, mwakuti oweruza anagwira zipewa. Ndinati utsi wake unadetsa ndevu zawo mpaka sabata. Ndinati lawi lake linandiwaula dzanja la jelaba, ndipo bowo lake ndikhoza kuwaonetsa. Ndinati munthu uja anafa atatsimikizira dziko lonse kuti chala chake chinali chamoyo.

A Zhor anandimvetsera mpaka kumapeto osandidula. Kenako anaika lichero pansi, analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi mtsuko wosungiramo batala. Anaukhazika pamapazi panga, anachotsa chivundikiro. Munali timapepala ta onga, tokulungakulunga, todzaza mpaka pakamwa, popanda n'kamodzi komwe komasulidwa.

"Jelaba lawo ndinkachapa ndine. Chichokereni Haja, akabwera kuchokera kubwalo, ndinkatipeza m'chipewa chake, nthawi zonse." Anatola lichero lawo n'kuyambanso kupeta. "Iwe unali pambali pawo, Miloud. Moto unakuwaula dzanjawo unachokera kuti?"